Liwu Limodzi m'Buku la Hamdani

Wodwala aliyense m'dziko muno amayenda ndi buku lake la kuchipatala, ndipo bukulo limalankhula mwini wake asanatsegule pakamwa. Ukalowa m'chipinda cha dokotala, dzanja lake limayamba lalandira buku, maso ake n'kugwera pa tsamba lomaliza, iwe moni ukadali m'kamwa. Pamene analekezera mnzake mwezi watha ndi pamene iye amayambira. Likakhala dzanja la munthu wamkulu pantchito ndiye nkhani yatheratu. Amangolemba tsiku, pansi pake n'kuwonjezera kuti mankhwala apitirire, buku n'kubwerera m'jumbo ya mwini wake.

Dzanja la a Paston linali limodzi mwa manja oterowo. Bambowa anali atagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi, zambiri mwa zakazo pa kachipatala kena ka ku Limbe, kumtunda kwa msika. Pa mapepala anali kiliniko ofesala, koma Limbe yense ankawatchula kuti adokotala, ndipo iwo sankaona chifukwa chotsutsana ndi Limbe yense. Ambiri amene lero avala makoti oyera ku Bangwe, ku Ndirande ndi ku Chilomoni anaphunzira kugwira wodwala ataima kumbuyo kwa mpando wawo. A Paston ankanyadira kuti matenda amawadziwa munthu akamayenda kuchokera pakhomo kudzafika pampando. Tisawanamizire, kawirikawiri ankalasa ndithu. Koma munthu wolasa kawirikawiri amayamba kuona kufunsa ngati kutaya nthawi.

Lachitatu lina m'mawa m'chipinda mwawo munalowa Hamdani, bambo wa ana atatu, dalaivala wa lole ya a Wahab, eni holoselo ina yaikulu ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Atakhala pansi maso ake anaphethira motsatizana, phethi phethi phethi, phewa la kumanja linadumpha lokha, kukhosi n'kutuluka kamawu kakuti “hm,” ngati munthu wofuna kuyamba nkhani koma wasintha maganizo.

Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, atangoika maliro a mayi ake, zimenezi zinamukulira mpaka makasitomala anayamba kumuyang'ana kawiri. Anabwera kuchipatala Lolemba, tsiku limene mzere umakafika kumsewu. A Paston anaona phewa likudumpha, anatsegula buku, analemba liwu limodzi lakuti khunyu, n'kumupatsa timapiritsi toyera tomwa tsiku ndi tsiku. Zonsezo sizinatenge mphindi zitatu, ndipo za ntchito yake sanamufunse n'komwe. Phewa silinasiye kudumpha, koma timapiritsito tinabweretsa tulo ta masana. Sabata ziwiri zapitazo Hamdani anawodzera akubweza lole pa nyumba ina ku Namiwawa, n'kukhula geti ya eni ake. A Wahab anaitanitsa buku. Atawerenga liwu lija analanda makiyi, Hamdani n'kumuika pa ntchito yonyamula makatoni. Anamupatsa mpaka Loweruka la sabata imeneyi kuti abweretse kalata ya kuchipatala yonena kuti akhoza kuyendetsa. Kupanda kalatayo, Lolemba lole ikhala ya wina mpaka kalekale.

“Adokotala, ine ndangobwerera kalata,” anatero Hamdani atafotokoza zonsezo. “Mizere iwiri yokha, ndi chidindo.”

“Wakhunyu sagwira chiwongolero, a Hamdani. Mukufuna mukagunde anthu pa Maselema, apolisi adzafunse kuti analemba kalata ndani?”

“Koma ine sindinagwepo chibadwire. Komanso ndikakhala pa chiwongolero zimasiya.”

A Paston anaseka, osati mwankhanza ayi, kuseka kwa munthu amene wamva zambiri. “Madalaivala nonse mumatero. Ngakhale woledzera amati akagwira chiwongolero mowa umathawa.” Analemba tsiku, analemba kuti mankhwala apitirire, anabweza buku. Poti anali munthu wodziwa mabanja a odwala ake, anawonjezera kuti, “Akazi anu, mayi Alima, ndimawaona kusikelo ndi ang'onoang'ono awiri aja. Nanga wamkulu uja, Sabiha? Chaka chino sindinamuone.”

“Ali bwino,” anayankha Hamdani mwachangu, phewa likudumpha kawiri. “Sadwaladwala.”

Anatuluka atagwetsa nkhope, ndipo a Paston anaitana wotsatira.

Lachisanu lake a Paston anaitanidwa ku maphunziro a ogwira ntchito zachipatala m'holo ina m'tauni ya Blantyre. Maphunziro otere anali atawalowa osawerengeka. Ankadziwa kuti pulojekita imayamba yavuta, kuti tiyi wa teni koloko amafika hafu pasiti leveni, ndiponso kuti mpando wabwino ndi wa kumbuyo, pafupi ndi zenera, pamene munthu ungatseke maso anzako n'kumati ukusinkhasinkha. Anakhala pomwepo, jekete atalikoleka kumbuyo kwa mpando.

Wophunzitsa tsikulo anali Dokotala Tionge wa ku chipatala chachikulu, katswiri wa matenda a ubongo ndi mitsempha. A Paston ankamukumbukira ali kamtsikana kamantha, iwo akumuphunzitsa kupeza mtsempha pa mkono wa khanda lotsegula m'mimba. Atawaona, Tionge anadutsa pakati pa mipando kudzawapatsa moni, atagwira chigongono.

“Aphunzitsi, mwabwera? Ndiye lero ndilankhula mosamala.”

“Lankhulani momasuka, adokotala. Ife tabwera kudzatola nzeru,” anayankha a Paston, mumtima akuwerengera kuti tulo tiyamba nthawi yanji.

Pulojekita itagonja, Tionge anaonetsa vidiyo ya mayi wina, telala, amene anavomera kujambulidwa kuti ena aphunzirepo. Mayiyo anali atakhala pa benchi akucheza. Pakati pa chiganizo mutu wake unkagwedezekera kumanzere, mphuno n'kukwinyika, kenako nkhani n'kupitirira ngati palibe chachitika.

“Anzanga, mayiwa akudwala chiyani?” anafunsa Tionge.

Wina anati khunyu. Wina anati malungo anawafika ku ubongo ali mwana. Mkulu wina wa mpando wakutsogolo anati zimenezi n'zakumudzi, achibale akhale pansi akambirane, holo yonse n'kufa nacho chiseko.

“Azungu amati matiki,” anatero Tionge chiseko chitazirala. “Ife dzina lake tilibe, n'chifukwa chake munthu wotere timangomupatsa dzina la matenda ena limene lili pafupi. Tsopano tiyeni tichite kamasewera. Nonse tsegulani maso, musaphethire mpaka ndinene.”

Anthu makumi anayi a makoti ndi mataye anatong'ola maso ngati awona ngozi. A Paston nawonso anatero, pofuna kuti wophunzira wawo wakaleyo asachite manyazi. Poyamba zinali zosavuta. Kenako maso anayamba kuyabwa, kuwotcha, chinachake chikukankha kuchokera m'kati, mpaka mutu wonse unalibe ganizo lina koma kuphethira basi. Tionge atati “chabwino,” aliyense anaphethira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motsatizana, ena akupukuta misozi.

“Chimene mwamvacho ndi chimene mayi aja amamva tsiku lonse,” anatero Tionge. “Amachimva chikubwera, ngati kuyetsemula. Akhoza kuchigwira kwa kanthawi, kutchalitchi kapena pamaso pa apongozi, koma akatuluka chimabweza ngongole yonse. Wakhunyu sangakuuzeni zimenezo. Khunyu siligwirika, ndipo kawirikawiri likabwera munthu sadziwa kumene ali. Mayiwa nzeru sizichoka ngakhale pang'ono.”

Anafotokoza kuti matiki amayamba munthu ali mwana, amakula n'kuchepa ngati madzi a mu Mudi, amachuluka munthu akakhala ndi nkhawa kapena chisoni, ndipo nthawi zambiri amayenda m'banja. Anati ambiri safuna n'komwe mankhwala, amangofuna munthu wowafotokozera kuti sakupenga, sakufa, ndipo sanalodzedwe. Kenako anapitiriza vidiyo ija. Mayi uja anadzuka pa benchi, anakhala pa makina ake, analowetsa ulusi pa singano, n'kuyamba kusoka kolala ya yunifolomu. Mutu unangoti zii, nkhope phee, kwa mphindi zonse zimene makina ankalira.

“Mwaona? Akaika maganizo pa ntchito ya manja ake zimachepa, mwinanso kusiyiratu. Wodwala akakuuzani zimenezo musamutenge ngati wabodza.”

Tulo tonse tinawathawa a Paston. Anamva mawu a Hamdani ngati ali pambali pawo, ndipo anamvanso kuseka kwawo komwe, ndi nthabwala ija ya woledzera.

Pamenepo mayi wina wa chipatala cha kufupi ndi Bangwe, a Angelina, anakweza dzanja. “Adokotala, ine ndikuganiza kuti wotereyu ndinamuonapo. Anabwera kudzatenga mankhwala kwathu tsiku lina atatha kumene amatengera. Mumtima ndinakayika ndithu, koma m'buku munali mutalembedwa kale khunyu, dzanja la akuluakulu. Ndiye ndinangopitiriza.” A Angelina sanatchule dzina la munthu, ndipo sanacheuke. Koma khosi lawo linali louma mwa njira yoonetsa kuti akudziwa bwino lomwe amene wakhala kumbuyo pafupi ndi zenera.

“Vuto lathu ndi limenelo,” anayankha Tionge modekha. “Buku ndi labwino, latipulumutsira anthu ambiri. Koma woyamba akaphonya, tonse timaphonya pambuyo pake mwaulemu.”

Tiyi atafika, a Paston sanapite pa mzere wa samusa. Anadikira mpaka anthu atachepa pa tebulo la Tionge.

“Adokotala, tiyerekeze kuti pali munthu wina,” anayamba motero, maso ali pa waya wa pulojekita. “Tiyerekeze kuti wamwa mapiritsi a khunyu miyezi isanu ndi itatu, chonsecho mwina si khunyu.”

Tionge anawayang'ana pang'ono, ndipo anali ndi ulemu wokwanira kuti asafunse kuti analemba ndani. “Munthu woyerekezayo ayambe wafunsidwa bwinobwino, aphunzitsi. Zikaoneka kuti ndi matiki, mapiritsi asasiye kamodzin'kamodzi, zingamuvulaze. Azichepetsa pang'onopang'ono, sabata zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo. Ndipo abwere naye Lachiwiri ku kiliniki yanga, ndidzamuone ndekha.” Anamwetulira. “Paja inu munkatiuza m'mawa uliwonse kuti safunsa anadya phula.”

“Ndinkatero?”

“Mpaka tinkakutchulani a Phula mukatuluka.”

A Paston anayesa kuseka koma sizinatheke bwino. Anatenga jekete lawo n'kutuluka, kusiya gawo lachiwiri la maphunziro ndi mpunga wa nkhuku womwe, zimene anzawo amene ankawadziwa anakambirana kwa sabata yathunthu.

Anakwera minibasi pafupi ndi msika. “Limbe, Limbe! Madala, kutsogolo kuli malo!” anakuwa kondakitala. Minibasi inadutsa pa Ginnery Corner, inaima pa Chichiri kutsitsa awiri n'kukweza anayi, inatsetsereka kulowera ku Maselema. A Paston ankangoyang'ana manja a dalaivala pa chiwongolero. Anali ndi manyazi, ndipo anali ndi mantha kuti mwina Hamdani wataya kale mtima n'kusiya ntchito Loweruka lisanafike. Pena ankadzilimbitsa mtima kuti mwina vidiyo yangofanana chabe, mwina ndi khunyu ndithu. Atadzigwira akulakalaka kuti munthu akhale ndi khunyu kuti dzina lawo liyere, manyazi aja anawirikiza.

Anafika ku Limbe masitolo akutsegulidwanso, anthu atangotuluka mu mzikiti ku swala ya Lachisanu. Kuseri kwa holoselo ya a Wahab kunali kanjira kopanikiza kolowera kumene amatsitsira katundu, khoma uku, ngalande uku. Lole inali ikubwerera m'mbuyo kulowa m'kanjirako. Pa chiwongolero panali Yunus, dalaivala amene a Wahab ankamuyesa ntchito m'malo mwa Hamdani, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwa lole kunaima Hamdani, atavala ovolosi yotuwa ndi fumbi la makatoni, akumutsogolera mnzakeyo ndi manja.

“Bwera, bwera. Pinda kumanja pang'ono. Basi! Wongola. Bwera.”

A Paston anaima pa mthunzi wa khonde osadzionetsa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneko anali asanakuchite kwa munthu ameneyu ngakhale tsiku limodzi. Anayang'ana wotchi, anayang'ana nkhope ya Hamdani. Mphindi imodzi, ziwiri, zinayi. Maso a Hamdani anali pa tayala ndi m'mphepete mwa ngalande, osaphethira mopitirira munthu wina aliyense. Phewa linali pamalo pake. Kukhosi kunkatuluka mawu okhawo amene mwini wake wawatuma. Lole italowa, injini n'kuzima, Hamdani anamenya bodi kawiri kuyamikira munthu amene ankamulanda ntchito, anatembenuka, n'kuwaona a Paston. Nthawi yomweyo phewa linadumpha katatu, maso phethi phethi.

“Adokotala? Kwagwanji?”

“Palibe chagwa, a Hamdani. Ndabwera kudzakufunsani zimene ndinayenera kufunsa kalekale. Tingakhale pati?”

Anakhala pa makatoni a sopo kuseri kwa chitseko, kumene kunalibe makutu ambiri.

“Zinayamba liti zimenezi?”

“Ndili sitandade fili. Aphunzitsi ankandikwapula, ankati ndikuwatsinzinira diso mwachipongwe.”

“Chiyambire pamenepo, munagwapo? Kukomoka, kudziluma lilime, kudzuka osadziwa chimene chachitika?”

“Ayi, ngakhale kamodzi. Ndinakuuzani dzana.”

“Munandiuzadi. Nanga chikamabwera mumachimva?”

Hamdani anawayang'ana modabwa. Palibe munthu anali atamufunsapo zimenezo chibadwire. “Ndimachimva. Chimayamba apa,” anagwira pakati pa khosi ndi phewa. “Ngati poyabwa koma pa m'kati. Ndikagwedeza chimapola, pakapita kanthawi n'kuyambanso.”

“Mungachigwire?”

“Mu mzikiti ndimachigwira, kuopa kusokoneza anzanga pa mzere. Lero lomwe ndachigwira swala yonse. Koma ndikangovala nsapato panja, chimabwera chonse pamodzi.”

“Kwanu alipo wina anali nacho?”

“Malemu bambo anga ankakonza kukhosi nthawi zonse. Anthu ankati ndi fodya, chonsecho sankasuta.” Anakhala ngati akufuna kuwonjezera kanthu, koma anangoti “hm,” n'kuyang'ana pansi.

A Paston anapempha buku. Hamdani analitulutsa m'thumba la ovolosi, lokutidwa ndi pepala la pulasitiki la shuga. Anatsegula tsamba lija. Pamwamba panali dzanja lawo, lopendekera kumanja, lodzidalira. Pansi pake panali manja ena anayi osiyanasiyana, kuphatikizapo la a Angelina, ndi lawo lomwe kangapo, onse akuvomerezana ngati kwaya kuti mankhwala apitirire.

“A Hamdani, ndikuganiza kuti inu mulibe khunyu. Lachiwiri tikaonana ndi katswiri kuti atsimikize, koma zonse zimene mwandiuzazi ndi za matenda ena, osaopsa, otchedwa matiki. Tulo tija ndi ta mapiritsi anga. Ndinalakwitsa.”

Hamdani anayang'anitsitsa bukulo. Sanakalipe. Mwina zikanawapepukira a Paston akanakalipa. Pomaliza anati, “Ndiye ndingogula buku latsopano? Ili tilitaye, tiyambirenso. Palibe angadziwe.”

Kunena zoona, mtima wa a Paston unadumphira mawu amenewo. Pantchito yawo kufufuta n'koletsedwa. Cholakwika umachidula ndi mzere umodzi woonda, kuti aliyense athe kuwerenga chimene chinalembedwa, pambali n'kusaina dzina lako ndi tsiku. Ndiye kuti aliyense wodzatsegula bukulo, ngakhale uja anamuphunzitsa kubaya jakisoni, adzaona kuti a Paston analemba, a Paston anaphonya. Buku latsopano likanakwirira zonsezo. Koma a Wahab anali atawerenga lakalelo ndi maso awo, ndipo dokotala wina aliyense wa m'tsogolo anayenera kudziwa kuti munthuyu wamwa chiyani miyezi yonseyi.

“Ayi, buku ndi lomweli,” anatero a Paston. Anatulutsa cholembera, anatsamiritsa buku pa bondo, anadula liwu lija ndi mzere umodzi. Pambali analemba chifukwa chake, m'zilembo zazikulu zoti ngakhale wophunzira wa chaka choyamba awerenge, n'kusaina dzina lonse. Kenako analemba m'mene mapiritsi azichepetsedwera, ndipo anamufotokozera Hamdani kawiri kuti asayerekeze kuwasiya lero lomwelo.

“Nkhani ya matenda anu ndi yanu,” anatero atamaliza. “Mukandilola, ndikalankhula ndi abwana anu. Mukakana, ndibwerera.”

“Tiyeni,” anatero Hamdani.

A Wahab anali pa kauntala, bambo wa ndevu za imvi, akadali mu mkanjo woyera wa ku mzikiti. Anawalandira a Paston mwaulemu, anawaitanitsira mpando ndi botolo la madzi ozizira, anamvetsera zonse osawadula mawu. Kenako anavala magalasi, anawerenga tsamba lija kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuliika pa kauntala.

“Adokotala, mundikhululukire, ine ndine munthu wa malonda chabe. Apa palembedwa kuti khunyu. Apa palembedwa kuti si khunyu. Dzanja ndi lomweli. Ndikhulupirire liti?”

Funsolo linawalasa a Paston, chifukwa linali lachilungamo. “Loyambalo ndinalemba ndisanafunse kanthu. Lachiwirili ndalemba nditafunsa, komanso nditaima kuseri kwanuku kumuyang'ana akulowetsa lole yanu. Koma musadalire ine ndekha. Lachiwiri akaonedwa ndi katswiri ku chipatala chachikulu, ndipo kalata idzachokera kumeneko.”

“Ine Hamdani ndilibe naye mlandu,” anatero a Wahab. “Wandiyendetsera zaka khumi ndi ziwiri osaswa ngakhale galasi. Koma lole si wilibala. Geti ya ku Namiwawa ija akanakhala mwana wa munthu bwanji?”

“Geti ija sanakhule Hamdani, bwana Wahab. Ndinakhula ine, nditakhala pa mpando wanga. Ndipo sindikukupemphani kuti mumupatse makiyi mawa. Mapiritsi akadali m'thupi, sayenera kuyendetsa. Ndikupempha sabata zisanu ndi ziwiri zokha, malo ake akhale akumudikira.”

A Wahab anavula magalasi, anawapukuta ndi mkanjo, anayang'ana Hamdani amene anaima chapatali phewa likudumpha mosalekeza. Ankaoneka kuti akuyeza zinthu ziwiri: lole yawo, ndi munthu wa imvi ngati iwo amene wakwera minibasi masana dzuwa likuswa mtengo kudzanena yekha kuti walakwa.

“Yunus ndimuuza kuti ndi wogwirizira,” anatero pomaliza. “Sabata zisanu ndi ziwiri. Kalata ikabwera ndi chidindo cha chipatala chachikulu, makiyi ndi ake. Ikapanda kubwera, musadzandiimbe mlandu.”

Lachiwiri a Paston anapempha mnzawo kuti awagwirire mzere wa m'mawa, n'kumuperekeza Hamdani. Tionge anamufunsa kwa theka la ola, anamuyeza, anavomereza kuti ndi matiki. Anamuuza mosabisa kuti mwina sizidzatheratu, koma anamuphunzitsa kuti akamva kuyabwa kuja azikanikiza chigongono m'nthiti n'kupuma pang'onopang'ono mpaka kutadutsa. Atatsegula buku anaona mzere uja ndi dzina pambali pake. Anangolemba zake pansi pake. Mapiritsi anachepa sabata ndi sabata, tulo ta masana tinatha, Hamdani sanagwe, ndipo kalata inatuluka ndi chidindo chake.

Linali Lolemba linanso, mzere utafika kumsewu monga mwa masiku onse, pamene a Paston anamva lole ikuima panja, mabuleki akufuula. Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Analowa Hamdani, makiyi akulendewera pa lamba, nkhope yowala. A Paston anaimirira kuti amugwire chanza, mtima uli mbee, koma anaona kuti sanabwere yekha. Kumbuyo kwake kunabisala mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, wa yunifolomu ya sukulu ndi mpango woyera kumutu. Anasuzumira, anawayang'ana a Paston, maso ake n'kuphethira motsatizana, phethi phethi phethi, mphuno n'kukwinyika.

“Uyu ndi Sabiha,” anatero Hamdani. Anaika buku la mwanayo patebulo, koma dzanja sanalichotse pamwamba pake. “Zinamuyamba chaka chatha, nditangoyamba mapiritsi aja. Ine ndi mayi ake tinagwirizana kuti asapondenso kuno. Akatentha thupi tinkangomugulira mankhwala ku famase. Mwezi wa Febuluwale anadwala malungo masiku anayi, ife tili naye m'nyumba.”

“Masiku anayi? Chifukwa chiyani, a Hamdani? Chipatala chili pompano!”

“Tinkaopa cholembera chanu, adokotala. Tinkati nayenso mumulemba khunyu.”

A Paston anakhala pansi pang'onopang'ono. Cholembera chinali kale m'dzanja lawo, chotsegula, poti dzanjalo linazolowera kuyamba lokha. Anachiyang'ana, kabuluu wamba ka pa msika. Anachitseka, anachiika m'dirowa, n'kukankha dirowayo. Pamenepo Hamdani anachotsa dzanja pa buku.

A Paston anakokera mpando wawo kumbali kwa tebulo kuti pasakhale kanthu pakati pa iwo ndi mwanayo, anawerama mpaka maso awo analingana ndi ake.

“Sabiha, ine dzina langa ndine a Paston. Usaope, lero kulibe jakisoni. Tandiuza, maso akowa akamafuna kuphethira, umamva bwanji?”

Mwanayo anayang'ana bambo ake. Hamdani anagwedeza mutu kumulimbikitsa. Panja wina anadandaula mokweza kuti mzere sukuyenda, namwino anagogoda n'kusuzumira, a Paston anamukwezera dzanja kuti adikire. Sabiha anayamba kufotokoza, motsitsa mawu, chala chili pa chikope, ndipo buku lake linakhala patebulo lotseka mpaka atamaliza.